Penti wa pichesi wotuwira ngwabwino m'nyumba za ku Zomba, koma muyeseni kaye pakhoma

Akonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanuyi tilankhulepo za mtundu wa penti umene wafala m'nyumba zambiri muno mu Zomba, kuyambira ku Matawale, Chinamwali ndi Sadzi mpaka ku Mulunguzi. Tikunena mtundu uja wapakati pa kirimu ndi pichesi, wotuwira koma wofiirira chapatali, ngati chigoba cha dzira la nkhuku. Ife ndife amisiri openta nyumba, ndipo mtundu umenewu timauyamikira. Chatilembetsa kalatayi ndi madandaulo amene amabwera ntchito itatha. Wina akuti pabalaza patuluka pinki, wina akuti usiku makoma akuoneka olenji, wina penti wayamba kusupuka mvula isanathe n'komwe. Ndalama zapita, ndipo anthu amaloza chala mtunduwo. Koma mavutowa amayambira pa zinthu ziwiri: kusankha penti poyang'ana kakhadi ka m'sitolo m'malo moyang'ana khoma la nyumba yanu, ndi kupaka pakhoma losakonzedwa.

Mtundu umenewu umayanjana ndi dera lathu. Fumbi la katondo limene limalowa m'nyumba mu Sepitembala ndi Okutobala limaonekera msanga pakhoma loyera mbee, koma pa mtundu uwu limabisala, chifukwa chofiiritsa dothi lathu ndi chofiiritsa pentiyu n'chimodzi, okusaidi wa chitsulo. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikafika nkhungu n'kutsika m'phiri, kuwala kolowa pazenera kumakhala kotuwa. Chipinda chopakidwa gireyi kapena buluu chimaoneka chozizira kwambiri masiku amenewo, pamene chipinda cha pichesi wotuwira chimaonekabe chamoyo. Sitikunena kuti penti amatenthetsa nyumba ayi, koma maso amapeza mpumulo.

Tione zimene zili m'chitini. Pentiyu ndi woyera amene athiramo okusaidi wachikasu, okusaidi wofiira pang'ono, ndi kadontho ka bulauni kapena kakuda kozimitsa kuwala kwake. Pa zitatuzi, wofiira ndiye wamphamvu. Akangochuluka pang'ono pokha, khoma limatuluka pinki. Wachikasu akachuluka, mwabwerera ku kirimu wamba. Bulauni akachuluka, khoma limaoneka lakuda ngati silinapentedwe chaka chino. Malire ake ndi aang'ono kwambiri, n'chifukwa chake mtundu uwu umasintha nkhope msanga kuposa woyera kapena kirimu. Komanso kabokosi kakang'ono ka pakhadi, kozunguliridwa ndi pepala loyera, kamaoneka kofatsa. Mukapaka makoma anayi, khoma lililonse limaponyera mtundu wake pa linzake, ndipo mtunduwo umakula mphamvu. Langizo lathu ndi lakuti mukaukonda mtundu pakhadi, tengani woyandikana nawo wocheperako mphamvu ndi wotuwirako.

Tsopano nkhani ya kuwala, imene ambiri saiganizira. Kuno ku Zomba dzuwa limadutsa chakumpoto kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Okutobala, ndipo limapendekera kummwera pang'ono miyezi ya Novembala, Disembala ndi Januwale yokha. Choncho chipinda cha zenera loyang'ana kumpoto chimalandira dzuwa lambiri, makamaka m'nyengo yozizira, ndipo pichesi wotuwira amaoneka wowala ndi wofunda mmenemo. Chipinda cha zenera loyang'ana kummwera miyezi yambiri chimalandira makamaka kuwala kwa thambo, kumene kumakhala kopita ku buluu. Kuwala kotere kumameza chikasu n'kusiya kufiira, ndiye penti yemweyo amaoneka pinki wotuwa. M'chipinda chotere sankhani wokhala ndi chikasu chochulukirapo. Chipinda choyang'ana kuzambwe chimalandira dzuwa lofiira lamadzulo, ndipo pamenepo pentiyu amasanduka olenji kwa maola awiri kapena atatu. Chimafuna mtundu wotuwirako. Koma nyumba zimene zili m'tsinde mwa phiri zimataya dzuwa lamadzuloli msanga m'miyezi yozizira, poti phiri lili kumpoto ndi kumpoto chakuzambwe kwa tauni, ndiye musatengere mtundu umene munauona kwa mnzanu ku Mpondabwino n'kuyembekezera kuti ukaoneka chimodzimodzi ku Old Naisi.

Zimene zili kunja kwa zenera nazonso zimalowa m'nyumba. Mitengo ikuluikulu ya mango kapena mibawa yoyandikana ndi nyumba imabweretsa kuwala kobiriwira, ndipo kubiriwira kukakumana ndi kufiira, khoma limaoneka lotuwa ngati lodetsedwa. Bwalo la katondo losesedwa bwino, kapena mpanda wa njerwa zootcha, zimaponyera kufiira mkati.

Usiku nkhani imakhala ya mababu. Pabokosi la babu la LED pamalembedwa nambala yothera ndi K. Mababu oyera kwambiri a 6500K, amene ndi ofala m'misika, pamodzi ndi nyale zambiri za sola, amauzimitsa mtundu uwu n'kuusiya wotuwa, nthawi zina wopita ku pinki. Mababu achikasu a 2700K amaukankhira ku olenji. Amene amausunga bwino ndi a 3000K mpaka 4000K. Babu ndi lotsika mtengo kuposa ndowa ya penti, choncho ngati khoma likuoneka bwino masana koma likukunyansani usiku, sinthani babu musanaganize zopentanso.

Zonsezi mungazidziwe musanawononge ndalama. Gulani lita imodzi yokha. Pakani malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pamakoma awiri, lina loyang'anizana ndi zenera, lina la mbali imene kuli zeneralo, ndipo pakani kawiri. Ngati khoma lakale ndi la buluu kapena lobiriwira, yambani mwapaka woyera pamalo okulirapo, chifukwa mtundu wakale umanyenga maso. Musaweruze penti ali wonyowa. Penti wamadzi amaderako akauma. Muyang'aneni m'mawa, masana, madzulo ndi usiku mababu atayaka, kwa masiku awiri kapena atatu. Bweretsani pafupi nsalu ya katani ndi khushoni ya mpando. Mukakhutira ndiye mukagule ndowa.

Pa zosakaniza, njira yodalirika ndi kugula penti wosakaniza kale kufakitale, kapena wosakanizidwa ndi makina m'sitolo yokhala nawo, n'kulemba dzina ndi nambala ya mtunduwo. Ngakhale zili choncho, zitini ziwiri za mtundu umodzi zikhoza kusiyana pang'ono ngati zinapangidwa masiku osiyana. Gulani penti yense tsiku limodzi, muthire zitini zonse m'ndowa imodzi yaikulu, muvundule, kenako mubwezere m'zitini zake. Mukapanda kutero, mzere umaoneka pakhoma pamene chitini china chinathera.

Ambiri timasakaniza tokha pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo n'zotheka, bola kuyeza. Kuthira tinta (mankhwala opatsa penti mtundu) mongoyerekeza ndi diso m'ndowa ya malita 20 ndiko kumabala pinki uja. Gulani sirinji yatsopano kufamase, muyambire pa lita imodzi ya PVA (penti wamadzi) woyera. Poyambira pabwino ndi magawo atatu a okusaidi wachikasu pa gawo limodzi la wofiira, ndi theka la gawo la bulauni: tinene mamililita 6 achikasu, 2 ofiira ndi 1 ya bulauni. Mphamvu ya tinta imasiyana malinga ndi amene anapanga, ndiye manambala amenewa ndi poyambira chabe. Yambani ndi wachikasu, wofiira muzithira dontho ndi dontho, ndipo nthawi iliyonse pakani pakabolodi, kaume, muone. Mukafika pamene mukufuna, lembani papepala, muchulukitse ndi 20 pa ndowa yathunthu. Pachitsanzo chathuchi ndi mamililita 120, 40 ndi 20. Vundulani ndi thabwa lophwatalala lofika pansi pa ndowa kwa mphindi khumi, mukupala m'mbali ndi pansi. Musapyole muyeso wa tinta umene walembedwa pabotolo, chifukwa akachuluka penti sauma bwino ndipo amatsalira m'manja ndi pazovala.

Onetsetsani kuti tintayo ndi wa okusaidi. Wofiira wowala uja ndi wachikasu wa mandimu amapereka mtundu wokuwa, ndipo amafwifwa msanga padzuwa ndi pa pulasitala watsopano. Okusaidi amapirira zonse ziwiri. Ena amagwiritsa ntchito okusaidi waufa wothira m'simenti ya pansi. Ameneyo akathiridwa wouma m'penti, timibulu take timaphulika pansi pa rola n'kusiya mizere yofiira pakhoma. Ngati palibe kuchitira mwina, musungunuleni kaye m'madzi pang'ono akhale phala, mumusefe pansalu yopyapyala, ndiye muthire.

Kukonza khoma ndi kumene kumatenga nthawi yambiri, ndipo ndi kumene eni nyumba amatifulumizitsa. Pulasitala watsopano amafuna masiku osachepera 28 asanaone penti, ndipo m'dzinja amafuna oposerapo. Simenti yaiwisi imakhala ndi ukali umene umawotcha penti, n'kusiya mawanga oyera ndi achikasu amene pa mtundu uwu amaonekera patali. Kuti mudziwe ngati khoma lauma, matani pulasitiki wa masentimita 50 mbali zonse pakhoma ndi tepi, mutseke m'mphepete monse, mudikire tsiku lathunthu. Mukapeza thukuta kuseri kwa pulasitikiyo, kapena pamalopo pakuoneka moderako, khomalo silinaume. Likauma, pakani pulaima wa pulasitala, penti woyambira wopirira ukali wa simenti, kamodzi. PVA wotsika mtengo wosungunula ndi madzi sangalowe m'malo mwake.

Zomba ndi dera la mvula yambiri, ndipo nyumba zambiri zili pamtsetse. Madzi otsika kumtunda amaima kukhoma lakumbuyo, n'kulowa m'njerwa, n'kukwera. Chizindikiro chake mukuchidziwa: penti wotupa ndi wosupuka kuchokera pansi kufika cha m'bondo kapena m'chiuno, ndi ufa woyera wonga mchere. Pamenepo palibe penti amene angathandize. Konzani kunja kaye. Kumbani ngalande yopatutsa madzi, ikani simenti yopendekera kunja m'mbali mwa khoma, konzani magatala, ndipo chotsani dothi kapena maluwa ounjikidwa pamwamba pa pulasitiki wa pamaziko. Ufa woyerawo uchotseni ndi burashi youma. Mukautsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwerera m'khoma, n'kudzatulukanso pansi pa penti watsopano.

Chuku chakuda cha m'makona, kuseri kwa wadiropu ndi kubafa chimafunika kuphedwa, osati kukwiriridwa. Sakanizani gawo limodzi la Jik ndi magawo anayi a madzi, pakani, dikirani theka la ola, tsukani ndi madzi oyera, khoma liume masiku awiri. Valani magolovesi, tsekulani mazenera, ndipo musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa mpweya wake ndi woopsa.

Pali makoma ena awiri amene amakana penti. Loyamba ndi lopakidwa laimu. Pititsani chikhatho pakhoma; chikayera, PVA sagwira pamenepo, adzasupuka ngati mapepala. Palani laimuyo ndi sikirepa ndi burashi yawaya, pukutani fumbi, mupake bonding liquid (mankhwala amadzi othandiza penti kugwira), kenako penti. Lachiwiri ndi lopakidwa penti wamafuta wonyezimira. Ngati mukukayika, nyowetsani kansalu ndi sipiriti mutikite pakona: penti wamadzi amatsalira pansalu, wamafuta satsalira. Khoma lotere litsukeni ndi sopo, mulikwechese ndi sandipepa mpaka kunyezimira kuthe, mupake andakoti (penti wapansi woyambira), ndiye PVA agwira.

Apa tichenjeze kwambiri okhala m'nyumba zakale, zimene Zomba ili nazo zambiri poti inali likulu la dziko mpaka 1975. Penti wamafuta wakale, makamaka wachikasu ndi wofiira wa pazitseko ndi mafelemu, akhoza kukhala ndi mtovu, ndipo fumbi la mtovu limawononga ubongo wa ana. Musamukwechese wouma, musamuwotche ndi moto. Nyowetsani pokwechesa, valani chotseka pamphuno, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali, ndipo pomaliza kolopani, musasese.

Ming'alu ing'onoing'ono ikulitseni pang'ono ndi nsonga ya sikirepa kuti fila (phala lotsekera ming'alu) alowe, auma mukwechese ndi sandipepa ya nambala 120, ndipo padontho lililonse la fila pakanipo pulaima. Fila amamwa penti mosiyana ndi khoma, ndiye akasiyidwa chomwecho zigamba zake zimaoneka dzuwa likawomba cham'mbali. Mng'alu waukulu wolowa chala, kapena umene ukukulirakulira, ndi nkhani ya mmisiri womanga.

Za kuchuluka kwa penti, tiwerengere limodzi. Chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.7 msinkhu chili ndi makoma a masikweya mita pafupifupi 38. Kuchotsapo chitseko chimodzi ndi zenera limodzi, patsala 34. Lita imodzi ya PVA wabwino imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 pakhoma losalala lopakidwa pulaima, koma pa pulasitala wokhakhala imatsika kufika pa 6 kapena 7. Kupaka kawiri ndi masikweya mita 68, kugawa ndi 8, tapeza malita 8 ndi theka. Gulani zitini ziwiri za malita 5. Pulaima chitini chimodzi cha malita 5 chikwana, ndipo siling'i ya masikweya mita 12 ifuna malita 3 a penti woyera. Ndowa ya malita 20 ndi ya zipinda ziwiri zotere, ikachuluka ziwiri ndi theka. Mmisiri amene akulonjeza kupenta nyumba yonse ya zipinda zitatu ndi pabalaza ndi ndowa imodzi, akuwerengera madzi.

Madziwo ndi amene amapha ntchito zambiri. Muyeso wake usapyole gawo limodzi pa magawo khumi: theka la lita pa chitini cha malita 5, malita 2 pa ndowa ya malita 20, ndipo kawirikawiri pa kupaka koyamba kokha. Mukapyola, zomatira za m'penti zimachepa mphamvu. Khoma limaoneka la mitambomitambo, mtundu wakale umasuzumira pansi, ndipo patapita miyezi ingapo aliyense wotsamira khoma amanyamuka ndi ufa pamalaya. Madziwo akhale oyera. A m'chitsime chamatope amadetsa mtundu, ndipo a mchere, onga a m'mijigo ina ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, si abwino kusakanizira penti.

Popaka, yambani ndi siling'i. Kenako dulani m'mphepete ndi burashi ya masentimita 5, khoma limodzi lokha, n'kulowetsa rola nthawi yomweyo m'mphepetemo musanaume. Mukadula chipinda chonse kaye, mudzaona chimango chodera kuzungulira khoma lililonse. Rola ikhale ya ubweya wapakatikati, isamadonthe, ndipo musaifinyire pakhoma pofuna kutulutsa penti womaliza. Mukayamba khoma, limalizeni mpaka pakona. Nthawi yopuma ndi pakona, osati pakati. Pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri dikirani maola 2 mpaka 4 kukakhala kotentha, koma kukakhala chinyezi lolani kuti agone usiku wonse. Penti wamafuta amafuna maola 16 mpaka 24. Musatsuke khoma latsopano pasanathe milungu itatu, chifukwa kuuma pamwamba si kukhwima.

Mtundu wa penti nawo usankhidwe potengera chipinda. Wosanyezimira amabisa mabampu a pulasitala ndipo ndi amene amaukometsa mtundu uwu kuchipinda chogona ndi pabalaza, koma wotsika mtengo satsukika. Mukhonde lamkati ndi paliponse pamene ana amadutsa akugwira khoma, ikani wonyezimira pang'ono wotsukika. Kukhitchini kumene kumalowa mbaula, utsi ndi mafuta zimalowerera mu PVA wamba n'kumusandutsa bulauni, ndiye pamafunika wotsukika kapena wamafuta, ndi mazenera otsekula. Pansi pa khoma dulani sikating'i (mzere wa m'munsi mwa khoma) ya masentimita 10 mpaka 15 ndi penti wamafuta wa bulauni woderako, kuti chokolopera ndi polishi zisadetse khoma.

Pansi pa nyumba pamalamulanso mtundu wa khoma. Simenti yofiira yopolishidwa, imene ili m'nyumba zambiri zakale muno, imaponyera kufiira m'mwamba, choncho pamenepo chepetsani wofiira m'penti, mwinanso ndi theka. Matailosi oyera mbee kapena a gireyi amachititsa khoma kuoneka pinki kuposa mmene lilili. A kirimu ndi a bulauni amagwirizana nalo. Matabwa a mlombwa ndi mbawa amakhala bwino kwambiri pafupi ndi mtundu uwu, chimodzimodzinso mipando yoluka ndi mikeka. Paini wopakidwa vanishi amapsa n'kukhala olenji pakapita zaka, ndiye siling'i kapena makabati a paini amafuna khoma lotuwirako. Makatani obiriwira moderako, a buluu woderako, a bulauni kapena oyera mwa kirimu amaukhazika mtunduwu pansi. Makatani a pinki kapena ofiira owala amadzutsa kufiira konse kumene munavutika kukubisa. Siling'i isiyeni yoyera. Mukaipakanso pichesi chipinda chimaoneka chotsika ndi chothina.

Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi kuno ndi Ogasiti mpaka Okutobala, makoma atauma ndi chilimwe. Ambiri amadikira Disembala kuti nyumba ikongole pa Khirisimasi, koma pamenepo njerwa zamwa kale madzi, mazenera amakhala otseka chifukwa cha mvula, ndipo penti amachedwa kuuma. Amene mukufuna nyumba yokongola pa Khirisimasi, pentani mvula yoyamba isanagwe.

Tipemphenso eni sitolo za penti mu Zomba kuti azisunga tizitini ta lita imodzi ta mitundu imene anthu amaikonda, kuti munthu athe kuyesa asanagule ndowa, ndiponso azilemba dzina ndi nambala ya mtundu pachivindikiro ndi palisiti. Eni nyumba za lendi, amene mumapenta pafupipafupi alendi akamasinthana, lembani muyeso wa zosakaniza zanu m'kabuku, ndipo sungani lita imodzi yotsala m'chitini chotseka bwino, pamthunzi. Pokonza pamene pakalika, musapake kachigamba pakati pa khoma, chifukwa penti wa pakhoma amakhala atafwifwako. Pentani khoma lonselo kuchokera pakona kufika pakona inzake.

Ndife,
Amisiri openta nyumba,
Zomba